Bokosi la Ambuje

Ine ndidabadwira ku Lungwena, m'boma la Mangochi, m'mbali mwa nyanja chakuvuma. Ndili mwana ndinkakhala ndi agogo anga aamuna, amene m'Chiyao cha kwathu tinkawatchula kuti Ambuje. Pansi pa kama wao padali bokosi lachitsulo lobiriwira, la zogwirira ziwiri. Pachivundikiro chake padali podindidwa chaka cha 1943.

M'bokosimo Ambuje ankasungamo mbedza, singano zosokera ukonde, kabuku kao ka usilikali, mendulo yooneka ngati nyenyezi ndiponso kathumba ka mbewu ya chimanga chamakolo. Makoswe ndi chiswe zinkalephera kuliboola, ndipo madzi sankalowamo. Ana tonse tidaletsedwa kulitsegula.

Tsiku lina m'chaka cha 1991, ndili m'Sitandade 5, anzanga adandiuza kuti asodzi abwera ndi usipa wambiri. Mwana aliyense wothandiza kukoka ukonde ankapatsidwako pang'ono. Ndidafunafuna chotengera koma sindidachipeze. Poona kuti Ambuje apita kumzikiti, ndidakoka bokosi lija, ndi kukhuthulira zonse pamkeka pakhonde, ndi kuthamangira kudooko.

Pobwerako ndidapeza zoopsa. Nkhuku zidali zitang'amba kathumba kaja ndi kujompha pafupifupi theka la mbewu. Kamvula kowaza kadali katanyowetsa kabuku ka usilikali. Ambuje adali chikhalire pakhondepo, akuyanika masamba a kabukuko limodzilimodzi. Mtima wanga udagunda kwambiri, ndipo ndidayembekezera chikoti.

Iwo adangondiyang'ana nati, "Katsuke bokosilo, ulipukute bwino, ubwere nalo kuno." Nditatero adandikhazika pansi ndi kundifunsa kuti, "Kodi ukudziwa chifukwa chake bokosili lili ndi zogwirira ziwiri?" Ine ndidayankha kuti, "Iyayi, Ambuje, sindidziwa."

Tsono adayamba kundisimbira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba m'chaka cha 1939 ndi kutha mu 1945. Nthawi imeneyo dziko lathu linkatchedwa Nyasaland ndipo linkalamulidwa ndi Angerezi. Anyamata ambiri adalembedwa usilikali m'gulu la King's African Rifles, limene anthu ankangoti Keyala. Ambuje adakaphunzira usilikali ku Zomba. Kuchokera kumeneko adapita ku Kenya, nakwera sitima yapamadzi ku Mombasa mpaka ku Ceylon, dziko limene lero litchedwa Sri Lanka. Mu 1944 adalowa m'dziko la Burma, limene lero ndi Myanmar, kukamenyana ndi asilikali a ku Japan.

"M'chigwa cha Kabaw," adatero Ambuje, "mvula inkagwa usana ndi usiku. Magalimoto ankatitimira m'matope, kotero chakudya chathu ankachiponya kuchokera m'ndege. Misundu inkatiyamwa magazi m'miyendo. Bokosi ili linkadzaza ndi zipolopolo, ndipo linkalemera kwambiri. Ine ndinkagwira uku, mnzanga wa ku Malindi ankagwira uko. Ndikaterereka, iye ankalimbikira kufikira nditadzuka. Akatopa, ine ndinkayamba nyimbo yakwathu kuti aiwale kutopa."

Atafika pamenepa adakhala chete kanthawi. Kenaka adati, "Mnzangayo sadaphedwe ndi mfuti. Adadwala malungo tisanafike pamtsinje wa Chindwin, ndipo tidamuika m'nkhalango momwemo. Nkhondo itatha ndidapempha mkulu wathu kuti andipatse bokosili, popeza lidali lopanda kanthu. Ndidafika nalo kuno mu 1946. Ndidalumbira kuti m'mene munkakhala zophera anthu, ine ndidzasungamo zodyetsa anthu."

Ndidachita manyazi kwambiri, misozi ili mbwembwembwe. Ndidagwada ndi kupepesa. Ambuje adati, "Kulira sikubweza mbewu. Tola zimene zatsala." Tidatola njere imodziimodzi, ngakhale zimene zidagwera m'fumbi. Mbewuyo sidakwanire munda wonse, ndipo ndime imodzi idagona chaka chimenecho chifukwa cha kusamvera kwanga.

Titabwezera zonse m'bokosi, Ambuje adagwira chogwirira chimodzi nandiuza kuti, "Gwira ukoko." Bokosilo lidali lopepuka, loti akadatha kulinyamula okha ndi dzanja limodzi. Koma tidalowa nalo m'nyumba awiri. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kulitulutsa ankaitana ine.

Ambuje adamwalira kalekale. Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala dziko lathu limakumbukira asilikali amene adafera kunkhondo, ndipo ku Zomba kuli chipilala chachitali chowakumbukira. Ine ndidakachiona ndili kale mphunzitsi. Nditaima pamenepo ndidaganizira za mnyamata wa ku Malindi uja, amene manda ake abale ake sadawaone.

Bokosi lija lilipobe kwathu ku Lungwena. Utoto wake udasuluka, ndipo m'makona mwayamba dzimbiri. Mlongo wanga amasungamo mbewu monga ankachitira Ambuje. Ndikapitako nthawi yodzala, ndimaitana mmodzi wa ana ake kuti agwire mbali inayo, ndipo ndimamusimbira nkhaniyi.

Ana inu, m'nyumba zambiri muli zinthu zakale zimene zimaoneka ngati zachabechabe. Musanazitenge kapena kuzitaya, yambani mwafunsa akuluakulu kuti zidachokera kuti. Funsani iwo akali moyo.