Pampu yakonzedwa koma Hiace yafooka: onani izi musanatsegulitse injini

Abale apamsewu, iyi ndi ya aliyense woyendetsa Hiace ya dizilo, makamaka zakale zija za injini ya 3L ndi 5L zokhala ndi kebulo ya moto. Pampu ikachoka kwa okonza, galimoto imalira bwinobwino ili chiimire, koma ikasenza katundu n'kuona chitunda imasanduka nkhalamba. Ambiri amauzidwa kuti injini yatha. Ife tikuti dikirani kaye, madolawo asatuluke m'thumba.

Ife timabweretsa mpunga, usipa ndi zitenje ku Bindura, makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare. Makasitomala athu ambiri ndi ana ndi adzukulu a anthu akwathu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, ku Trojan, ku Freda Rebecca ndi ku Shamva. Ulendo wathawu pampu inayamba kudontha dizilo. Pagalaja ina anaichotsa, anasintha ma seal, n'kuibwezera. Titatuluka kulowera ku Glendale, phazi lili pansi, galimoto inkakana kupitirira 60. Kutsogolo kunali Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete ndi zitunda za ku Zobue, masiku a pepala la galimoto nawo akutha. Makaniko anati tiisiye atsegule injini yonse. Tinakana, chifukwa injini yomweyo inakwera nafe kuchokera ku Mwanza popanda vuto. Chimene chinagwidwa ndi pampu basi, ndiye tinayambira pamene manja anadutsa.

Choyamba ndi utsi, ndipo n'chaulere. Wakuda ukutanthauza kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa, onani air cleaner. Woyera wonunkha dizilo wosapsa nthawi zambiri ndi timing yochedwa kapena mpweya m'mapaipi. Yathu inalibe utsi n'komwe, kusonyeza kuti injini ikumanidwa chakudya.

Kebulo musaipeputse. Injini itazima, wina aponde mpaka pansi, inu muone ngati kachitsulo ka papampu kakufika pamapeto. Yathu inkafika.

Kenako tinaika kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu kuti tione ngati muli thovu. Munalibe. Tinatenganso chigubu cha dizilo woyera, paipi n'kuilunjikitsa kupampu, thanki ndi fyuluta tazilambalala. Galimoto ikadzuka pamenepa, dziwani kuti vuto lili kumbuyo: fyuluta yatsekeka, kasefa ka m'thanki kadzaza matope, kapena paipi yapindika. Amene mumathira dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, apa ndi panu. Yathu sinasinthe, ndiye vuto linali papampu pomwepo.

Apa mverani bwino, chifukwa ndi pamene tinalipeza. Pampu zamtunduwu zili ndi mabawuti awiri obooka mkati, aja amati banjo. Lina ndi lolowetsa dizilo, lina ndi lobwezera wotsala kuthanki. Ukawayang'ana akufanana, koma lobwezera limalembedwa OUT pamutu, ndipo kabowo kake n'kakang'ono ngati ka singano. Kabowoko kanapangidwa dala: kamasunga mphamvu ya dizilo m'kati mwa pampu, ndipo mphamvuyo ndi imene imasunthira timing patsogolo injini ikamathamanga. Mabawutiwa akasinthanitsidwa, dizilo amalowa modontheza, wochepa wolowayo n'kumathawira kuthanki pakhomo lotseguka. Ili chiimire injini imamwa pang'ono, ndiye imalira ngati yabwino. Pachitunda imafa ndi njala. Tinapukuta mutu wa bawuti lolowetsa ndi chiguduli, n'kupeza OUT akutiyang'ana. Kusinthanitsa, mawasha atsopano a kopa, kupopa pamutu pa fyuluta mpaka palimbe, yonseyo sinakwane ola. Mtengo wake unali wa mawasha anayi.

Zikanakhala kuti mabawuti ali m'malo mwake, tikanapita ku timing. Pobwezera pampu lamba amatha kuphonya dzino limodzi, kapena pampuyo kumangidwa yosalunjika pa chizindikiro chake. Uzani makaniko atsegule chivundikiro, muone ndi maso anu kuti zizindikiro zonse zakumana. Ndipo akatenga sipanala kuti awonjezere dizilo pa sikuluwu yomatidwa ija, mugwireni dzanja. Mphamvu idzaoneka ngati yabwera, koma mudzafika ku Tete mukufuka ngati uvuni wa njerwa, injini ikutentha, matenda enieni ali pomwepo.

A ma Quantum a D-4D, zanu ndi zina. Pampu yanu imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo ikasinthidwa imafunika kuiphunzitsanso ndi makina. Valavu ija amati SCV ndi mapulagi a waya muzionetse. Musamasule mapaipi a ma injector injini ikulira monga tinkachitira pa zakale. Mphamvu yake imaposa 1,000 bar, dizilo amaboola khungu.

Pokatenga galimoto musalipire ndalama yotsala ili pagalaja. Ikani katundu wanu yense, makaniko akhale kutsogolo pambali panu, muyende naye msewu wa Harare mpaka ku Mazowe, mukwere chitunda chimodzi pa giya yomwe mumakwerera masiku onse.