M'mawa Wina ku Emmasdale

Munthu akacoka pa Kabwe Roundabout, kumapeto kwa Cairo Road, nalondola mseu wa Great North Road, sayenda mtunda wautali asanafike ku Emmasdale, pafupi ndi Matero ndi Chaisa. Mseu umenewu sugona. Mabasi a ku Kabwe ndi ku Migodi, malole a katundu ndi amalonda a m'mbali mwa mseu amayamba phokoso lao mbandakuca.

Koma kuseri kwa mipanda ya njerwa kuli bata. M'mawa wina m'mwezi wa June, mphepo ikuluma zala, ndinalowa pabwalo la nyumba ina kumene anthu ocepa anali atayala mphasa pa kapinga. Ena anali a mtundu wa Cimwenye, ena a mitundu yathu ya kuno. Onse anadzacita yoga.

Yoga inacokera ku India, ndipo dzina lake m'cinenero cakale ca Sanskrit ligwirizana ndi mau otanthauza kumanga pa joko. Monga mlimi wa ku Chipata amangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke pulawo imodzi, momwemonso yoga ifuna kuti thupi ndi maganizo ziyendere pamodzi. Mphunzitsi wakale Patanjali anaigawa m'masitepe asanu ndi atatu. Kupinda ndi kuongola thupi, kumene ambiri ayesa kuti ndiyo yoga yonse, ndi sitepe imodzi cabe. Yoyamba ndi ya khalidwe: kusapweteka mnzako, kunena zoona, kusaba. Kenaka pabwera kulamula mpweya ndi kusinkhasinkha.

Mai amene anali kutsogolera anandiuza kuti ndikhale pansi, nditseke maso, ndiwerenge kupuma kwanga kufikira khumi. Ndinaseka mumtima poganiza kuti ndi nchito ya mwana. Koma ndisanafike pa zinai, maganizo anali atathawira ku lendi ya nyumba, ku ndalama za sukulu, ndi ku mkangano umene ndinali nao ndi mbale wanga. Mkanganowo ndinali kuuyesa wakutha, koma apo mapewa anga anali olimba ngati a munthu wosenza thumba la cimanga. Mai aja anandilangiza kuti ndisalimbane nalo ganizo, koma ndilione, ndilidziwe, ndi kubwerera ku mpweya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alipo Akhristu amene aikayikira yoga cifukwa mizu yake ili m'cipembedzo ca Ahindu, ndipo Amwenye ambiri a ku Emmasdale ndi Asilamu, kotero tisaganize kuti m'nyumba iliyonse muli mphasa yotere. Pabwalo pamene ndinali palibe amene anauzidwa kupemphera. Aliyense aweruze yekha. Koma wodwala mtima kapena wothamanga magazi asaleke mankhwala a kucipatala poyesa kuti yoga yakwanira.

Pa 11 December 2014, bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga pa dziko lonse, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015. Ku India tsikulo dzuwa licedwa kulowa, pamene kuno ndiyo nyengo ya masiku afupiafupi ndi cisanu.

Potuluka ndinapeza phokoso la mseu lili cimodzimodzi. Kondakitala wina anandikankha polowa m'basi. Ndinapuma kawiri ndisanamuyankhe, ndipo madzulo ake ndinapita kukaona mbale wanga.