Akuti ife a ku Mozambique sitidziwa chisanu

Abale anga a ku Chiuaula, ndi inu nonse a ku Niassa amene mwamwazikana kuno ku South Africa, pali mawu amene akhala akundidya mumtima chiyambireni June. Ndimagwira ntchito ya m'galadeni kwa mkulu wina wachizungu kumpoto kwa Johannesburg. Anapuma pantchito, ndipo mtima wake wonse uli pa bonsai, timitengo tija amadzala m'timbale tosaya n'kumatidulira mizu ndi nthambi kuti tisakule. Kutayamba kuzizira kunabwera mnzawo wa ku kalabu ya bonsai kudzaona momwe takonzera greenhouse. Atamva kuti ndine wa ku Mozambique, anauza abwana ine ndili pomwepo kuti asamandisiyire timitengoto usiku, chifukwa anthu a kwathu sitidziwa chisanu. Sananene mwachipongwe. Amakhulupiriradi zimenezo, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri.

Anthu a kuno akamva dzina la dziko lathu amaona Ponta do Ouro, Bilene ndi Inhambane, kumene amapita pa December kukasambira. Za Lichinga sanamvepo. Sadziwa kuti tauni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo yazunguliridwa ndi mitengo ya paini. Ine amene ndinkalawirira kupita ku msika wa Chiuaula mwezi wa July, nkhungu itatseka msewu, amayi ogulitsa mbatatesi ndi nyemba atafunda nsalu ziwiriziwiri, lero andiuze kuti sindidziwa kuzizira?

Chimene ndingavomere n'chakuti chisanu cha kuno chili ndi khalidwe lake. Johannesburg ili pamwamba kuposa kwathu, pafupifupi mamita 1,750, ndipo mpweya wake ndi wouma zedi. Masana a June dzuwa limawala bwinobwino, munthu n'kuvula juzi. Likangolowa, kutentha konse kumathawa. Masiku ena pofika m'bandakucha madigiri amatsika kupitirira 0, kapinga amayera mbuu, madzi a m'mbale ya galu amaundana pamwamba. Palinso chisanu china chimene sichiyeretsa udzu. Chimabwera ndi mphepo youma, umangoona kutacha masamba ada bii, apsa. Pa 10 July 2023 tinaona ndi maso chipale chikugwa mu Johannesburg muno, anthu akutuluka m'maofesi kukajambula. Zimenezo kwathu sindinazionepo.

Mtengo wa m'munda chisanu chotere umapirira, chifukwa mizu yake ili pansi pamene pali pofunda. Wa bonsai ulibe pothawira. Dothi lake ndi lochepa, m'kambale kozama ngati masentimita 5 kapena 8, ndiye usiku umodzi wokha ndi wokwana kuumitsa mizu yonse. Mtengo umene munthu wauwumba zaka 30 ukhoza kufa tambala asanalire. N'chifukwa chake abwana anamanga kanyumba ka mapepala olimba oonekera, mkati n'kumata pulasitiki ya timatuza ija amakulungira katundu wosweka. Muli hita yamagetsi imene imayaka yokha madigiri akatsika kufika pa 5, ndi choyezera chimene chimasunga nambala ya pamene kunazizira kwambiri usiku. Ntchito yanga yoyamba m'mawa ndi kuwerenga nambala imeneyo n'kuilemba m'buku. Amatisamala timitengoti ngati khanda la m'chikuta, ndipo kunena zoona ndinayamba kutikonda.

Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti si mtengo uliwonse umalowa m'kanyumbako. Maple wa ku Japan, juniper ndi paini amagona panja. Mitengo imeneyi inachokera kumaiko ozizira, imafuna kuzizidwa kuti ipume. Ukaifunditsa imaphuka nthawi isanakwane, mphukira zake zimakhala zofooka, ndipo chaka chotsatira umauona mtengo ukubwerera m'mbuyo. Timangoitsitsa pamashelefu, kuika pansi pafupi ndi khoma, n'kukwirira timbale take ndi makungwa. Imene imalowa mkati ndi ya kwathu kotentha: kachere, mkuyu, bougainvillea, ndi mitengo yaminga ya mtundu wa mthethe, imene kuno amaiwumba yaphwatalala pamwamba n'kumati ndi kawumbidwe ka Pierneef, dzina la wojambula zithunzi wa ku Pretoria amene ankakonda kujambula mitengo yotero.

Ndipo adani a m'kanyumbamo si chisanu chokha. Ukaiwala kutsegula mawindo cha m'ma 9 koloko, dzuwa limatenthetsa mkati mpaka kupitirira madigiri 30, mitengo n'kuyesa kuti chilimwe chafika. Cha m'ma 3 koloko masana uyenera kutsekanso kuti kutentha kwa tsikulo kugone momwemo. Kuthirira ndi kwa m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo, ndipo umayamba wapisa chala m'dothi. Feteleza timasiya mpaka August. Mpweya ukapanda kuyenda mumabadwa tizilombo tofiira tating'onoting'ono timene timaluka ulusi kunsi kwa masamba, ndi tina toyera tokakamira m'mphanda za nthambi.

Koma umene umandigwira mtima ndi mlambe. Inde, mlambe weniweni, uja timaudziwa kunyanja ku Metangula, umene anthu asanu sangauzungulire atagwirana manja. Kuno uli m'mbale, sufika pabondo langa. Tsiku loyamba kuuona ndinakhala kaye pansi. Ndinakumbuka agogo anga aakazi akutisungira malambe tikapita kutchuthi kunyanja, ndipo sindinadziwe ngati ndikondwe kapena ndimve chisoni. Mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imakana kuti mtengo wa ulemu wotere uzikhala pa shelefu, nthambi zake zitakulungidwa mawaya. Mbali ina imati, taonani, anthu awa akuumangira nyumba mtengo umene ife timangoudutsa.

Pa mlambewu ndi pamene mlendo uja analakwitsa kwambiri. Ukayoyola masamba cha mu May, sufuna madzi ngakhale dontho mpaka utayamba kuphuka cha mu September kapena October. Ambiri kuno amaupha ndi chifundo. Amaona dothi lauma, amathirira, madzi ozizirawo amakhala m'mizu, thunthu n'kuwola mkati. Iwo zimenezi amaziwerenga m'mabuku ndi kufunsana ku kalabu. Ine palibe anandiphunzitsa. Ndani wa ku Niassa sadziwa kuti mlambe umaima wopanda tsamba miyezi yonse yopanda mvula, ukumwa madzi amene unasunga wokha?

Chaka cha 2023 chija, magetsi atafika pomazima maola ambiri usana ndi usiku, hita inasanduka chitsulo chabe. Abwana anasowa tulo. Ndinawapempha migolo iwiri ya malita 200, tinaipaka utoto wakuda, tinadzaza madzi n'kuiika kumbali kumene kumawomba dzuwa. Masana madzi amatentha, usiku amatulutsa kutenthako pang'onopang'ono. Timbale ndinatiika m'mabokosi n'kufutsira udzu wouma m'mbali, monga timachitira pa nazale ya kudimba. Palibe mtengo unafa chaka chimenecho. Abwana zimenezi amazidziwa, ndipo mnzawo atachoka anandiuza kuti ndisazitengere. Koma pamaso pa mlendoyo anangokhala chete. Ndinalakalaka kumuuza kuti ena mwa magetsi amene amafunditsa timitengo tawo amachokera ku Cahora Bassa, pa Zambezi wathu, n'kuyenda makilomita 1,400 kudzafika pafupi ndi Pretoria. Sindinayankhule. Munthu wa mapepala ongowonjezera masiku amayamba waganiza za ana asanatsegule pakamwa.

Pepani ndipatukeko pang'ono. Chipinda chimene ndimagona kuseri kwa galaja ndi cha malata opanda siling'i. Usiku wina ndikadzuka kukaona choyezera, ndimapeza m'nyumba ya mitengo muli mofunda kuposa mwanga, ndipo ndimachedwamo dala. Sindikudandaula za abwana, anandipatsa mabulangete, ndipo malipiro sachedwa. Koma ndalama ya hita ndi palafini ndikaiwerengera, ndimaona yunifolomu ya mwana wanga wamkazi ndi mankhwala a chifuwa cha amayi, chimene chimavuta nyengo ngati ino. Ndiye ndimavala majuzi awiri n'kugona. Inu anzanga a ku Diepsloot ndi Cosmo City, chonde musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka. Utsi wa makala sununkha koma umapha, ndipo chaka chilichonse timasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Abwana amakonda kukamba za paini wina woyera amene ali ku Washington. Anayamba kuwumbidwa mu 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo banja la Yamaki, limene linkausamala, linaupereka ku America mu 1976. Akamakamba, ine chimene ndimamva ndi chakuti kwa zaka pafupifupi 400 panali munthu wodzuka m'mawa uliwonse kukauthirira. Kuleza mtima kumeneko ndimakupatsa ulemu. Kwathu mtengo timaufunsa kuti utipatsa chiyani, zipatso, mthunzi, milimo kapena makala, ndipo mwaona nokha momwe matumba a makala akulowera mu Lichinga panjinga m'mawa uliwonse, nkhalango zikunka zitalikira. Pamenepo anzathuwa atiposa. Koma pa kudziwa nyengo, dothi ndi khalidwe la mtengo, sindinaone chimene mlimi wa ku Sanga kapena ku Chimbunila angaphunzitsidwe ndi munthu wa ku kalabu.

Chimene tilibe ndi kanyumbako basi. Tomato amavuta kukula miyezi yozizira kwathu, ndipo mvula ikachuluka amagwidwa chiwawu, mtengo wake pamsika n'kukwera. Nsungwi tili nazo, milimo ya bulugamu ndi paini ili ponseponse, hita sitingaifune chifukwa madzi saundana kwathu. Chofunika ndi pulasitiki yolimba yosapsa ndi dzuwa, ya mamaikiloni 200, ndi munthu wodziwa nthawi yotsegula ndi yotseka. Zimenezo ndaziphunzira pa bonsai, ndipo ndikufuna ndikaziyese pa tomato ndi tsabola kuseri kwa nyumba ya amayi.

Amene muli ku Lichinga, Cuamba kapena Nampula, ndifufuzireni ngati pulasitiki imeneyi ikupezeka ndi mtengo wake pa mita, kuti ndidziwe ngati ndigule konkuno ndisananyamuke pa December. Ndipo inu anzanga a m'magaladeni, ngati abwana anu ali ndi mlambe wa m'mbale, musauthirire mpaka muone tsamba loyamba.