Kawailesi Kathu ka M'manja

Pakhomo pathu tili ndi kawailesi kokwana m'dzanja limodzi. Sikaimba nyimbo ai. Nchito yake ndi kutilankhulitsa ndi anzathu okonda mawailesi, pa mafunde a pakati pa 144 ndi 146 MHz. Tisanayambe kulankhulapo tinatenga cilolezo ku ZICTA, natipatsa dzina loitanira loyamba ndi 9J, cizindikiro ca Zambia.

Mphamvu yake ndi yocepa, mawati 5 cabe. Mafunde ake ayenda molunjika monga kuwala, motero phiri limodzi likwanira kutsekereza mau. Mnzathu wa kuseri kwa phiri sitimumva, pokhapo titakwera pa culu kapena pa mtunda. Koma cozizwitsa n'cakuti kumwamba kulibe cotsekereza: pa 145.800 MHz nthawi zina timva anthu a mu International Space Station, makilomita 400 pamwamba pathu, kwa mphindi zowerengeka asanalowe kuseri kwa dziko. Ana athu akhala duu, kukamwa yasa.

M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo mafoni anali kusowa netiweki kawirikawiri. Kawailesi aka sikadalira nsanja ya kampani. Tinali kusunga batire lake monga ufa wa m'njala, poganiza za wodwala usiku.

Cimodzi cotivuta ndi lilime. Pa mafunde awa palibe cinsinsi, pakuti aliyense wochera khutu akumva. Tikanikiza batani, tichula dzina lathu loitanira, tinena zofunika, ndipo tileka kuti mnzathu ayankhe. Pamene tilankhula, sitingathe kumumva.