Pa Calomue Foni Imodzi Imalankhula Mayiko Awiri

Pa Calomue, pomwe msewu wa ku Angonia umalowera ku Dedza, wamalonda amadziwika ndi foni yake. Mumakhala masimu awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi. Netiweki simadindidwa chidindo pa chipata.

Kuyambira mu 1997 mcel inali yokha m'dziko muno. Vodacom idabwera mu 2003, koma anthu akumudzi adayamba kuwerengedwa mu 2012, Movitel itazika nsanja zake kumene ena sankafuna kufikako.

Lamulo lolembetsa simu lidadza mu 2010, anthu a ku Maputo atamemana pa foni kuchita zipolowe za kukwera mtengo kwa buledi. Lamulo n'limodzi kwa onse, koma chitupa sali nacho onse. Mayi wopanda chitupa amalembetsa m'dzina la mlamu wake. Ndalama za kachewere zikalowa pa M-Pesa, adalima ndi iye, koma pa kaundula mwini wake ndi mlamuyo. Simu ikatayika, wokaitenganso ndi mlamu yemweyo, ndipo zomwe mayiyo amabisa ngakhale kwa mwamuna wake zimakhala m'manja mwa wina.