Nyali za Galimoto ndi Maso a Mnzathu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri a ife tilibe, koma chitikhudza tonse dzuwa likangolowa, ndicho nyali za kutsogolo kwa galimoto. Ife a kuno ku Nkopola takhala pakati pa zounikira ziwiri. Kum'mawa kuli nyanja, kumene asodzi a kauni ayatsa nyali zawo kuti usipa usonkhane. Kumadzulo kuli msewu waukulu wochokera ku Mangochi kunka ku Monkey Bay, ndipo m'menemo muyenda malole a nsomba, maminibasi, njinga zamoto ndi magalimoto a alendo odzaona nyanja. M'mphepete mwa msewu womwewo muyenda amayi ochokera kuchigayo, ana otumidwa kukagula mchere, anyamata a kabaza, ndi akulu a mpingo obwerera ku misonkhano. Mkhristu ndi Msilamu apondapo fumbi limodzi. Onsewa adziwa kuwawa kwa nyali yothobwa m'maso, koma owerengeka okha adziwa chimene chichitika m'kati mwake. Chifukwa chake tiyesa kuchifotokoza, pakuti ana athu ambiri tsopano agwira chiwongolero, ndipo moyo wa anansi awo uli m'manja mwawo.

Makolo athu poyenda usiku ananyamula muuni wa udzu, ndipo muuni sunalase maso a munthu aliyense, pakuti kuwala kwake kunali kofatsa, ndi woutenga anayenda pansi monga anzake. Magalimoto oyamba anali ndi nyali za mafuta ndi za kabaidi. Pambuyo pake zinadza za magetsi, zofika patali. Pamenepo panabuka vuto limene tili nalo kufikira lero: nyali yothandiza woyendetsa kuona patali ndiyo yomwe ichititsa khungu wobwera kutsogolo kwake. Amisiri analingalira nthawi yaitali, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1920 anapanga babu limodzi lokhala ndi timawaya tiwiri, kena kounikira patali, kena kounikira pafupi. Kuunika kwa patali ndiko madalaivala akutcha fulu, ndi kwa pafupi akutcha dimu.

Tiyambe ndi nyali ya halogen, imene ili m'magalimoto ambiri odutsa pano. Inayamba kuikidwa m'magalimoto ku Ulaya m'chaka cha 1962. M'kati mwa babu muli kawaya kopyapyala ka chitsulo chotchedwa tungsten, chimene sichisungunuka msanga pamoto. Magetsi akadutsamo, kawayako katentha kopambana, nikayera mbee. M'babu lakale chitsulo chinali kusweka pang'onopang'ono ndi kudetsa galasi ngati mwaye. Koma m'babu ili muli mpweya wa iodine kapena bromine, umene utola chitsulo chouluka ndi kuchibwezera pa kawaya. Chotero galasi likhalabe loyera, ndi nyali iwala koposa. Galasi lake litentha kwambiri, ndipo amakaniko odziwa ntchito saligwira ndi zala, pakuti mafuta a m'manja aliwononga.

Babu lodziwika bwino la mtundu uwu ndilo H4, limene linatuluka mu 1971. Lili ndi timawaya tiwiri: ka fulu kadya mawati 60, ka dimu mawati 55. Kumbuyo kwa babu kuli mbale yonyezimira ngati kalilole, imene iponya kuwala kutsogolo. Kawaya ka fulu kakhala pakatikati penipeni pa mbale, ndipo kuwala kwake kutuluka kolunjika patali. Pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo konga kasupuni, kotchinga kuwala kumene kukanaponyedwa m'mwamba. Kotsalako kugwa pamsewu. Dalaivala akakankha kamtengo ka pambali pa chiwongolero, kawaya kamodzi kazima, kena nikayaka nthawi yomweyo, ndipo kanyali kobiriwira monga thambo kaoneka patsogolo pake, komuuza kuti fulu wayaka. Magalimoto ena ali ndi nyali zinayi, ziwiri za dimu ndi ziwiri za fulu, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ubwino wa halogen ndi uwu, kuti iyaka msanga ndi kuzima msanga, ndi mtengo wake ngwochepa.

Nyali ya xenon njosiyana ndithu. Xenon ndi mpweya wosowa kwambiri, wosakwana gawo limodzi m'magawo 10 miliyoni a mpweya umene tipuma. Anaupeza William Ramsay ndi Morris Travers ku London m'chaka cha 1898, nautcha dzina la Chigriki lotanthauza mlendo. Galimoto yoyamba kugulitsidwa ndi nyali yotere inali ya BMW, ku Germany, mu 1991. M'babu lake mulibe kawaya konse. Muli nsonga ziwiri za tungsten zoyang'anizana, zotalikirana ngati mamilimita 4, ndipo pakati pake magetsi alumpha, nakhala ngati mphezi yaing'ono yosatha. Kuti mpheziyi iyambe pafunika mphamvu yoposa ma volt 20,000, pamene batire ya galimoto yaing'ono ili ndi 12 okha. Chifukwa chake pali kabokosi kotchedwa ballast, kokweza magetsi poyatsa ndi kuwasunga pa muyeso wake nyali itayaka. Mwana asaseweretse kabokosi kameneka. Nyaliyi idya mawati 35 okha, koma iwala kawiri kapena katatu kuposa halogen, ndi kuwala kwake nkoyera kopendekera ku mtundu wa thambo. Akale anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Inde, mlendo uyu anadza nako, ndipo kalumo kakuthwa kameta bwino m'dzanja la wochenjera, nikacheka m'dzanja la wosasamala.

Tsono nyali iyi ili ndi chilema chimodzi. Ikayatsidwa sifika msanga pa kuwala kwake konse. Poyamba xenon yekha ndiye awala. Papita timphindi tingapo kuti mchere wa zitsulo uli m'babumo utenthe, usanduke nthunzi, ndi kupereka kuwala kwenikweni. Ndiponso kuiyatsa ndi kuizima kawirikawiri kuifupikitsa moyo. Koma fulu afunika pomwepo, pamene dalaivala aona chinthu chakuda patsogolo, kapena afuna kuphethira nyali kuchenjeza mnzake. Potero magalimoto oyamba a xenon anali nayo pa dimu pokha. Fulu anasiyidwa kwa babu la halogen lokhala pambali pake. Mukaona galimoto imene iyatsa nyali ziwiri zachikasu kuonjezera pa ziwiri zoyera, mwina mwaona mtundu umenewu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amisiri anapeza njira ina, yotchedwa bi-xenon, ndiko kunena babu limodzi logwira ntchito ziwiri. Babu likhala chiyakire. Pakati pa ilo ndi galasi lobulungira lakutsogolo pali kachitseko kachitsulo kotchinga kuwala kopita m'mwamba. Ameneyo ndiye dimu. Dalaivala akafuna fulu, maginito woyendera magetsi akoka kachitseko, kuwala konse nikutuluka. Akabweza kamtengo, kachitseko kabwerera pamalo pake. Taonani kusiyana kwake: halogen isintha kawaya, bi-xenon itsegula ndi kutseka chitseko. Posonyeza ana a sukulu zimenezi ife titenga tochi ndi chikuto cha kope, ndi kuwalitsa pa khoma. Tikaphimba theka la tochi, kuwala kuduka, khoma nilikhala loyera pansi ndi lakuda pamwamba. Yesani nokha kunyumba. Malire amenewo, a pakati pa kuwala ndi mdima, ndiwo asunga maso a wobwera kutsogolo. M'dziko lathu tiyenda kumanzere, monga ku Japan kumene kuchokera magalimoto athu ambiri, ndipo malirewo akwera pang'ono chakumanzere, kuti dalaivala aone woyenda pansi m'mphepete mwa msewu. Magalimoto atsopano ambiri lero ali ndi nyali za LED, zoyaka msanga, ndi ena azichepetsa okha akaona galimoto kutsogolo; koma malire aja afunika momwemo pa nyali ya mtundu uliwonse.

Nanga ngati amisiri anasamala chotero, chifukwa ninji tithobwedwa m'maso usiku ndi usiku? Zifukwa zake tiziona ndi maso athu. Choyamba, anyamata ena agula babu la xenon kapena la LED, naliika m'mbale imene inapangidwira halogen. Mbaleyo inayesedwa molingana ndi kawaya kaja, pamalo pake ndi kukula kwake. Mukaikamo babu lina, kuwala kumwazika ponseponse, malire nasokonezeka, ndipo dimu wa galimoto yotere alasa ngati fulu. Mwini wake akondwa poona pafupi payera, osazindikira kuti patali pamuchepera. Chachiwiri, katundu. Galimoto yosenza madengu a usipa kumbuyo itsika kumbuyoko, mphuno yake nikwera, ndi nyali ziloza kumaso kwa anthu. Ku Ulaya lamulo lifuna kuti nyali zowala kwambiri zikhale ndi makina odziwerutsa okha ndi chotsukira galasi. Magalimoto ambiri ena ali ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero kotsitsira nyali, koma eni ake ena sanakakhudze chigulire. Chachitatu, fumbi ndi matope pagalasi, ndi galasi lachikasu lokalamba, zibalalitsa kuwala. Chachinayi ndicho chachikulu: mtima wa munthu wosafuna kutsitsa nyali.

Tiwerenge pang'ono monga m'kalasi. Diso likalowa mumdima litseguka kuti lilandire kuwala kochepa. Likalasidwa mwadzidzidzi, papita timphindi lisanaonenso bwino, ndipo la nkhalamba lichedwa koposa la mnyamata. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Ngati dalaivala akhala wosapenya masekondi 3 okha, wayenda mamita 66, ndiwo magawo awiri mwa atatu a bwalo la mpira, ndi chitsulo cholemera m'manja mwake. M'mamita amenewo mukhoza kukhala mbuzi, ngolo yopanda nyali, kapena mayi wobereka mwana. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti anthu ngati 1.19 miliyoni afa pamsewu chaka ndi chaka pa dziko lonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Kodi amenewa sindiwo ife, anthu a kumudzi?

Musayese kuti tinena kuti fulu ngwoipa. Pa msewu wamdima wopanda wina, fulu ndiye apulumutsa, pakuti dimu aunika pafupi, ndi wothamanga kwambiri pa dimu aona chopinga nthawi yoimira itatha. Chifukwa chake inu ana athu oyendetsa, yatsani fulu pamene muli nokha. Mtsitseni mukangoona nyali ya wina patali, ingakhale ya njinga. Mtsitseninso mukamtsata mnzanu kumbuyo, pakuti kalilole wake amponyera kuwala kwanu m'maso. Teronso polowa pa malo a malonda pamene pali anthu ambiri. M'mvula yamphamvu, m'fumbi, ndi mu utsi wa lupsa wa m'chilimwe, fulu abwerera kwa inu eni, ndi dimu athandiza koposa. Ndipo mukatsitsa nyali, tsitsaninso liwiro. Wina akakana kukutsitsirani, mphethirireni kamodzi kumkumbutsa, akakanabe, musabwezere. Yang'anani m'mphepete mwa msewu kumanzere, nimuyende pang'onopang'ono kufikira atadutsa. Wobwezera fulu pa fulu wachulukitsa osapenya, ndipo wolipa mkwiyo wa awiriwo kawirikawiri ndi munthu wachitatu, amene sanalakwire aliyense.

Ndi ife oyenda pansi tili ndi gawo lathu. Ambiri tiganiza kuti popeza tiona nyali ya galimoto, dalaivala ationanso. Koma munthu wovala zakuda aoneka pokhapokha galimoto itamfika pafupi. Tiyende kudzanja lamanja la msewu, kuti tipenyane ndi galimoto yobwera; tivale choyera, kapena tinyamule tochi. Wa njinga aike nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Mtengo wake suposa wa mbale zingapo za usipa. Nyali ikakuthobwani, tsikani pa njinga, patukani, musaime pamsewu ngati kalulu wodabwa ndi kuwala. Ndipo mukaona nyali imodzi, musafulumire kunena kuti ndi njinga yamoto. Mwina ndi lole yakufa diso limodzi.

Pomaliza, abale, m'kanthu kakang'ono aka muli phunziro lotiposa tonse. Amisiri anathera zaka zambiri, ndi chuma chambiri, pa kachitsulo konga kasupuni ndi pa kachitseko kaja, zimene ntchito yake ndiyo kuchepetsa kuwala kwa mwini galimoto chifukwa cha munthu amene iye sam'dziwa, ndipo sadzakomana nayenso. Chitsulo anachipanga, koma dzanja lochikankha sangalipange. Ilo liumbidwa pa khomo la makolo, m'sukulu ndi mumpingo. Wotsitsa nyali avomera kuona pang'ono kanthawi kuti mnzake aone, ndipo mawa, pa msewu womwewo, wina adzamchitira iye chomwecho. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Tipempha akulu a mpingo ndi aphunzitsi anzathu kuti awerengere nkhani iyi achinyamata a m'midzi mwawo, makamaka iwo ofuna ntchito ya udalaivala ndi ya kabaza. Ndi inu makolo amene mwana wanu ali pa chiwongolero, mfunseni akadza kudzacheza ngati nyali zake zinayesedwa. Mulungu asunge onse oyenda usiku, pamsewu ndi panyanja, nawafikitse kwawo amoyo.