Nyumba yadidi ku Chididi

Ukatchula Nsanje pa gulu la anthu ku Blantyre, pamatuluka zinthu zitatu basi: kutentha, udzudzu ndi madzi osefukira. Sindiwatsutsa, zonsezo n'zathu ndithu. Koma ambiri sadziwa kuti boma lomweli lili ndi mapiri ake. Ukaima pa Boma n'kufulatira Shire, mapiri amene dzuwa limakalowera aja ndi athu, ndipo pamwamba pake pali Chididi, malo oti m'mwezi wa June munthu wa ku Nsanje amafuna bulangeti. Kumeneko n'kumene ndinagula nyumba.

Chididi si tauni yoti mungaiyerekeze ndi Zomba. Ndi kamsika, sukulu, chipatala chaching'ono, tchalitchi ndi nyumba zomwazikana m'zitunda. Koma ndi malo akale. Amishoni a South Africa General Mission anayamba ntchito ku Lulwe mu 1900, ndipo mu 1909 anatsegula Chididi. Nthawi imeneyo Nsanje inkatchedwa Port Herald, sitima zapamadzi zinkakocheza pa Shire, ndipo njanji yopita ku Blantyre inali itangotsegulidwa kumene mu 1908. Malonda onse anali kumunsi, koma iwo anasankha kukwera phiri. Amene anagonapo pa Boma mu October sangafunse chifukwa chake. Mpingo umene anasiya ndi uja timautcha Africa Evangelical Church lero.

Ine sindinakwere kumtunda kukafuna mbiri yakale. Ndinakwera chifukwa cha mayi anga. Nyumba yathu ya kuchigwa inagwa ndi madzi a January 2015, tinamanganso. Mu March 2023 Freddy anabwera n'kuigwetsanso, ulendo uno pamodzi ndi khola la mbuzi. Masiku atatu foni yawo sinkapezeka, msewu wa M1 unali utaduka, ine ndili ku Ndirande kumangoyang'ana zithunzi pa Facebook ndi kukulitsa nkhope iliyonse ya mayi wovala duku. Atapezeka ali pa kampu ya pasukulu, ndinadziuza kuti njerwa yachitatu sindiumba pamalo omwewo.

Ndalama zogulira nyumba yakumudzi sumazipeza kubanki. Abanki amafuna chikalata cha lizi, ndipo nyumba zambiri zakumudzi zilibe. Ndinatenga ngongole ku SACCO ya kuntchito, ndinagulitsa njinga yamoto imene mnyamata wina ankandiyendetsera kabaza, mchemwali wanga wa ku Johannesburg naye anaponyapo yake. Anzanga ankati bwanji osagula poloti pa Boma. Pa Boma tinaonapo kale zinthu. Mu October 2010, pomwe Bingu wa Mutharika ankatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pambali pake, anthu anathamangira mapoloti poganiza kuti pamera mzinda. Dokolo lilipo mpaka pano, simenti yake ili phee, asodzi akupalasa mabwato pambali. Ine sindinkafuna malo oti adzakwere mtengo. Ndinkafuna malo oti madzi sangakwere.

Nyumbayo ndinaimva kwa mphunzitsi wina amene tinaphunzira limodzi. Njerwa zootcha, malata akale okhuthala aja amene masiku ano sapezeka, zipinda zitatu, khonde loyang'ana kummawa. Kukacha bwino, uli pakhondepo umaona chigwa chonse chili tambalala, Shire akunyezimira ngati lamba, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya. Anamanga ndi mphunzitsi wopuma amene anamwalira kale, ndipo wogulitsa anali mwana wake wokhala ku Lilongwe. Pa foni anandiuza m'Chisena, akuseka, kuti "nyumba yadidi", kutanthauza yabwino. Pa zimenezo sananame.

Zimene sananene n'zakuti nyumba yakumudzi simakhala ndi mwini mmodzi. Tsiku lokaona malire ndinapeza pansi pa mtengo wa mango pakhala anthu asanu ndi awiri, ndipo palibe amene ndinalankhulapo naye pa foni. Panali anyakwawa, amalume a wogulitsa, oyandikana nawo awiri, ndi agogo ena aakazi, alongo ake a malemu aja, amene sanandiyankhe moni mpaka nditagwada bwinobwino.

Anyakwawa ndiwo anayamba.

"Mwanawe, tisanayambe, umve ichi. Dothi ife sitigulitsa. Ukugula njerwa ndi malata. Dothi tikukupatsa kuti ukhalepo ngati mnzathu."

"Ndamva, amfumu."

"Maliro akagwa pano, udzakhala uli kuti?"

Funso limeneli palibe loya amene angakukonzekeretse. Ndinati ndikakhala kutali ndidzatumiza chipepeso, koma wokhala pano ndi mayi anga, ndipo mayi anga sajomba maliro. Anagwedeza mutu. Pamenepo m'pamene agogo aja anatsegula pakamwa. Iwo za nyumba analibe nazo mawu, mwana wa mlongo wawo agulitse zake. Koma mitengo inayi ya mango kuseri anadzala ndi iwo ali mtsikana, ndipo sinali pa malonda. Wogulitsa pa foni anayamba kukweza mawu kuti azakhali akusokoneza. Ine ndinaona kuti agogowo akunena zoona. Munthu amene wadya mango a mtengo umodzi moyo wake wonse sangauzidwe ndi pepala lolembedwa ku Lilongwe kuti chaka chino apemphe kaye. Tinagwirizana kuti mitengo iwiri ikhale yawo mpaka tsiku lawo lomaliza, iwiri ndiwalipire payokha. Zinalembedwa m'kalata momwemo, mzere wake wapadera.

Tinayenda malire onse wapansi, mwala uwu, chitsa icho, kamkwasa ka madzi ako. Kalata inalembedwa pamanja m'makope atatu, mboni zinasaina, amene sadziwa kulemba anadinda chala, kenaka tinapita nayo kwa agulupu kukaikitsa chidindo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa malo otere kudzera ku komiti yoona za malo ya m'dera la agulupu, kuti akhale ndi chikalata chovomerezeka ndi boma. Ndinafunsa za zimenezi, ndipo ndidzachita. Koma ndikuuzeni achinyamata anzanga amene mukusunga kangachepe kuti mugule kwanu: chikalata chimakuteteza kukhoti, koma chimene chimakuteteza Lachiwiri wamba, mbuzi yako italowa m'munda mwa mnzako, ndi anthu aja anakhala pansi pa mango. Ndipo musapereke ndalama kwa munthu mmodzi pa foni, ngakhale akhale wopemphera chotani.

Zovuta zake ziliponso, ndisakunamizeni. Msewu wokwera kuchoka pa Boma ndi wokhotakhota, ndipo mvula ikagwa anyamata a njinga zamoto amatchula mtengo akuyang'ana kumwamba. Thumba la simenti limafika pamwamba litakwera mtengo kuposa mmene ulili kusitolo. Netiweki ili ndi malo ake, pafupi ndi chulu china kuseri kwa bafa. Nsomba yaiwisi imafika itatopa.

Koma vuto lenileni linali mayi anga. Nditawabweretsa anazungulira nyumba yonse, anagogoda zipupa, anayamikira malata, n'kunena "takhuta, mwananga". Kenaka anaima pakhonde, anayang'ana kuchigwa nthawi yaitali.

"Nanga dimba ndilinyamula bwanji?"

Anthu a kumtunda amakonda kufunsa kuti anthu a ku Nsanje bwanji samangosamuka. Amafunsa ngati kuti ndife ogontha. Chimene sadziwa n'chakuti madzi omwe amagwetsa nyumba aja ndi omwenso amasiya dothi lachonde. Madzi akaphwa, munthu amadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza, n'kukolola nthawi imene kumtunda minda ili gwaa. M'dambo muli mlamba ndi makakana, ndipo chaka cha njala muli nyika. Kumuuza mayi wa zaka zoposa 60 kuti asiye zonsezo akalime pa mtsetse wamiyala ndi kumuuza kuti ayambe kupempha ufa kwa ana ake. Ndiye palinso manda a bambo, amene ali komweko kuchigwa. Za mandawo sanatchule, koma ndinaziona mmene anakhalira chete.

Tinakangana pang'ono. Ine ndinatchula ngongole ya zaka zitatu imene ikudula malipiro anga mwezi ndi mwezi. Iwo anati sanandituma. Mchemwali wanga anaimba kuchokera ku Johannesburg n'kutikalipira tonse awiri.

Mmene zilili pano ndi motere. Mvula ikayamba mu December amakwera ku Chididi ndi zidzukulu ziwiri, n'kukhala mpaka madzi ataphwa. Agogo a mango aja ndi anzawo tsopano, amapitira limodzi kutchalitchi ngakhale mayi ndi a Katolika, ndipo amanyozana za kaphikidwe ka nsima ya mapira. Ikafika April amatsika. Kuchigwa anamangitsa kanyumba ka mitengo ndi udzu, koti kakapita ndi madzi palibe amene angalire. Miyezi imeneyo ku Chididi kumagona mnyamata wa oyandikana nawo, ndimamutumizira ya sopo ndi mayunitsi.

Mwezi wathawu ndinapita kukamata pamene denga limadontha. M'chipinda chawo, pamwamba pa mtanda, ndinapeza chigubu chotsekedwa bwino ndi pulasitiki. Munali mbewu ya chimanga chamakolo yosakaniza ndi phulusa, khadi lawo la ubatizo, ndi chithunzi cha bambo chija chinapulumuka mu 2015 chili ndi banga la madzi pakona. Ndinawaimbira kuwafunsa ngati anaiwala.

"Usakhudze," anatero. "Zimenezo zimakhala kumtunda."